Dima lodutsa pakhomo limodzi

Ntchito yanga yomasulira imadalira kwambiri Wikipedia, koma netiweki ya kwathu kuno imadula nthawi imene yafuna. Choncho chaka chatha ndidaganiza zokopera Wikipedia yonse ya Chingerezi kuchokera ku Kiwix, kuti ndiziwerenga ngakhale popanda intaneti. Pamodzi ndi zithunzi, fayiloyo ndi ya magigabayiti pafupifupi 100. Ndidasankha njira ya torrent.

Njira imeneyi, yomwe Bram Cohen adayambitsa mu 2001, imandikumbutsa dima. Fayilo imagawidwa m'tizidutswa, ndipo aliyense akalandira kachidutswa amapatsirako anzake. Makasu akachuluka, ntchito imapepuka. Koma padima palibe wobisa nkhope: aliyense m'gulumo amaona adiresi ya IP ya mnzake. Kukopera Wikipedia si mlandu, komabe sindidafune kuti anthu osawadziwa aziona kumene ndili. Ndidayatsa VPN.

Apa m'pamene zinthu zimatsutsana. Torrent idapangidwa kuti katundu asalemere pa kompyuta imodzi, pomwe VPN imasonkhanitsa tonsefe n'kutidutsitsa pa seva yake. Kachidutswa kalikonse kamene ndalandira kapena kutumiza kayenera kulowa ndi kutuluka pamenepo. Seva imene ndidasankha inali ku Amsterdam, ndiye kuti ngati munthu wa ku Lusaka adalandirako kanthu kwa ine, kadayamba kazungulira ku Ulaya. Wowerenga nyuzi ndi wokopera usiku wonse amalipira mtengo wofanana pamwezi, koma wachiwiriyu amadya zambiri zedi. N'chifukwa chake makampani ena amalola torrent pa maseva ochepa okha, ndipo aulere ambiri amakaniratu. Nawo a Tor, omwe maseva awo amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, akhala akupempha kuti anthu asamadutsitse BitTorrent kwawoko.

Ine ndimaona kuti kuchuluka kwa katundu si vuto losatheka. Malinga olipira alipo, kampani igula maseva ena. Chimene chimavulala ndi kubweza. Kuti ena athe kugogoda kwa iwe ukakhala kuseri kwa VPN, pamafunika kakhomo kotchedwa port forwarding. Kampani ya ku Sweden ya Mullvad idatseka kakhomo kameneka mu 2023, ponena kuti ena ankakagwiritsa ntchito molakwika. Popanda kakhomoka ukhoza kugogoda kwa ena, koma anthu awiri otsekeredwa chimodzimodzi savutira kuphonyana. Tonse tikabisala, adzatsegulire mnzake ndani?

Fayilo yanga idatha kulowa patapita masiku angapo, ndikukopera usiku wokhawokha chifukwa bandulo ya usiku ndiyo yotsikirako mtengo. Ndidaisiya yotsegula kuti enanso atengeko, koma m'mawa ndidapeza kuti zimene zidatuluka n'zochepa kwambiri. Zidandichititsa manyazi, ngati munthu wofika padima kudzamwa thobwa, khasu atalisiya kunyumba. Usiku wotsatira ndidazimitsa VPN ija, adiresi yanga ili poyera, n'kuisiya kompyuta ikutumiza mpaka bandulo idatha.