Ku Kopala malipilo amatha pa 10, mwezi ukali wautali

Ife a ku Lusaka timakonda kukamba kuti ku Kopala ndiye kuli ndalama. Nanenso ndinali kuganiza choncho mpaka tsiku limene mlamu wanga, munthu wosewenza pansi pa mgodi ku Kitwe, ananditumila foni pa 12 kupempha K500. Wa mu mgodi kukongola kwa ine wolemba nyuzi? Ndinakwela basi pa Intercity kuti ndikaone ndi maso anga. Kuchoka mu Lusaka kufika ku Ndola ndi makilomita pafupifupi 320, ndiyeno ena pafupifupi 60 kuti ulowe mu Kitwe.

Mlongo wanga ndi ba mlamu amakhala ku Wusakile, komboni yakale ya mgodi, pafupi ndi bwalo la Nkana. Ukaima pa khomo umaona Black Mountain, phili lakuda la zotsala za mkuwa, kumene anyamata amafukula chrome ndi tumiyala togulitsa. Mu June 2018 mbali ya phili ija inagumuka ndi kupha anthu osachepela khumi, koma anyamata sanaleke kupitako chifukwa kunyumba kufunika unga.

Ba mlamu anandionetsa payslip. Sali pa nchito yokhazikika, ali pa kontrakita, ndipo kontrakiti ikatha amakhala pa nyumba kuyembekeza foni. Pa pepala ndalama ioneka bwino. Koma NAPSA yadulapo, NHIMA yadulapo, ndipo nkhongole imene anatenga pogula filiji ndi kulipila malilo a amalume ao imachoka ndalama isanafike m'manja. Chimene chawapulumutsa ndi nyumba. Atate ao anaigula nthawi imene nyumba za mgodi zinagulitsidwa kwa okhalamo, motelo lendi kulibe, ndipo kuseli kuli kabini kamene amabweleketsa.

Nduna ya zachuma pa nyumba ija ndi mlongo wanga. Tsiku la malipilo salola kuti dzuwa lilowe asanagule matumba awili a unga a 25kg, saladi, shuga, sopo, thumba la malasha ndi maunits a magetsi. "Iwe, ndalama ikagona mu foni ya bamuna, mailo uzapeza half," anatelo, ba mlamu ali pomwepo, akuseka chabe. Zotsala amazigawa pa masabata anayi za ndiwo ndi basi. Sabata yoyamba pamakhala nkhuku, yachiwili kapenta, yachitatu soya ndi repu. Yachinayi ndi chibwabwa cha kuseli kwa nyumba.

Madala, atate a ba mlamu, anakhala pa mpando kumvetsela. Iwo anasewenza nthawi ya ZCCM, pamene kampani inali kupatsa nyumba, chipatala, madzi, ngakhale unga. Migodi itagulitsidwa mu 2000 zonsezo zinayamba kuchoka chimodzichimodzi. Anandikumbutsanso za December 1986, pamene boma la ba Kaunda linakweza mtengo wa breakfast ndipo Kopala yonse inawila, mashopu anathyoledwa, anthu anafa, mpaka boma linabweza mtengo. Kuno nkhani ya unga saitenga mosewela.

Mmawa mwake ndinalowa mu Chisokone, msika waukulu wa mu Kitwe. Chibemba changa ndi cha "mulishani" chabe, koma mayi wina wogulitsa tomato ndi kapenta anali wa ku Petauke, ndiye tinamvana. Iye alibe tsiku la malipilo. Bajeti yake ndi ya tsiku ndi tsiku. Akaweluka amayamba wachotsa ndalama ya oda ya mawa ndi kuimanga pa chitenje. "Capital sitidya, mwana wanga. Ukadya capital wadya nchito." Ndiyeno amaika K50 ya chilimba. Ali khumi mu gulu lao, ndiye tsiku lako likafika umanyamula K500 kamodzi, ya lendi kapena nsapato za sukulu. Zotsala ndiye za pamela, kasaladi ka mu pulasitiki ndi malasha a tsiku limenelo.

Iye mwini amadziwa kuti kugula pamela tsiku lililonse kumadula kuposa kugula thumba lonse. Koma ndalama ya thumba siipezeka pamodzi. Wosauka amagula chinthu chimodzimodzi pa mtengo wokwela kuposa wolemela, chifukwa amagula pang'onopang'ono.

Ku Ndola ndinafikila kwa mnzanga wa ku sukulu ku Northrise. Iye ndi mkazi wake onse asewenza mu maofesi, motoka ilipo, ana ali pa sukulu yolipila, mashopu ao ndi a ku Jacaranda Mall. Ndinaganiza kuti apa ndiye pali mtendele. Koma pa 15 nayenso amayamba kuyang'ana kalenda. Loni ya motoka, mafuta, fizi, ndiponso inverter imene anagula mu 2024 pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Pamwamba pa izo, abale a ku mudzi onse amadziwa nambala yake. Malipilo akakwela, anthu odya pa malipilo aja amachulukanso.

Amene anandiphunzitsa maningi ndi mayi wosewenza m'nyumba mwao, wochokela ku Chipulukusu. Kuyambila mu January 2024 malipilo otsikitsitsa a wanchito wa m'nyumba anakwela kufika pa K1,300 pa mwezi, ndipo a wanchito wamba pa K2,313. Manje yelekezani ndi basiketi ya JCTR, bungwe la maJesuit limene mwezi uliwonse limaŵelengela zofunika pa banja la anthu asanu: mu Lusaka inadutsa K10,000 mu chaka chomwecho. Ku Ndola zinthu zimatsikako pang'ono, koma mpata ukali waukulu.

Nanga amakwanitsa bwanji? Amayenda pansi kupita ndi kubwela, ndalama ya basi imakhala ya ndiwo. Mwana wake wamkulu amakazinga vitumbuwa mbandakucha ndi kugulitsa pa njila asanapite ku sukulu. Kuseli ali ndi kadimba ka repu ndi kalembula. Zovala ndi za salaula. Maphunzilo aulele amene anayamba mu 2022 anamuchotsela fizi, koma yunifomu ndi mabuku zikali pa mutu pake. Chimene amaopa kwambili ndi matenda, chifukwa pa bajeti yake palibe kamalo ka mwadzidzidzi. Mwana akadwala usiku, njila imathela kwa wa kaloba, amene akakupatsa K100 amafuna K150 mwezi ukatha.

Apa ndiye ndinamvetsa foni ya ba mlamu. Mwana wao anali atadwala, taxi ndi mankhwala zinadya ndalama ya sabata yachitatu, ndipo anasankha manyazi a kupempha mlamu m'malo mopeleka khadi ya ATM kwa wa kaloba. Ambili mu komboni khadi zao zimagona kwa munthu wina, ndipo tsiku la malipilo amalandila zotsala pa ndalama yao yomwe.

Ndinabwelela ku Wusakile ndi kuwapatsa K500 ija. Mlongo wanga anailanda pomwepo, nachotsapo K100 ndi kuiika mu kachitini ka pamwamba pa wadilopu, ati iyi ndi ya matenda, munthu asaigwile. Mu basi yobwela ku Lusaka ndinatsegula foni kuona kumene malipilo anga a mwezi watha anapita. Mabundle, mowa wa pa Chisanu ndi kubetcha mpila zinaposa ndalama imene mayi wa ku Chipulukusu amadyetsela ana anayi mwezi wonse. Mwezi uno ndayamba ndi thumba la unga, ndipo kachitini nanenso ndagula.