Luso la Mmisiri Wopanga Zida za Semantic Web

Ntchito ya mmisiri wopanga zida za Semantic Web imachokera pa vuto lakuti masamba a pa intaneti analembedwa kuti aziwerengedwa ndi anthu, ndipo kompyuta, ngakhale imawasunga ndi kuwaonetsa, sizindikira chimene mawu ake akutanthauza. Dzina lakuti Semantic Web limaimira njira yolembera mfundo mwakuti makina athe kudziwa kuti chinthu ichi ndi mzinda, icho ndi munthu, komanso kuti ziwirizo zikugwirizana motani. Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web ku CERN mu 1989, analongosola maganizo amenewa pamodzi ndi James Hendler ndi Ora Lassila m'magazini ya Scientific American mu 2001, ndipo bungwe la W3C ndilo linakhazikitsa malamulo ake, kuyambira RDF mu 1999, kenaka OWL mu 2004 ndi SPARQL mu 2008.

Maziko a zonsezi ndi RDF, ndondomeko imene imagawa mfundo iliyonse patatu, kutanthauza chinthu chimene chikunenedwa, ubale wake, ndi chinthu chimene chili pa ubalewo, monga m'mawu akuti Lilongwe ndi likulu la Malawi. Chinthu chilichonse chimapatsidwa chizindikiro chakechake chotchedwa URI, chifukwa dzina palokha limasokeretsa, popeza pali Blantyre wa ku Malawi ndi Blantyre wa ku Scotland kumene kunabadwira David Livingstone, ndipo makina sangawasiyanitse popanda chizindikirocho. SPARQL ndi chiyankhulo chofunsira mafunso ku nkhokwe ya mfundo zoterezi, pamene OWL imalongosola magulu a zinthu ndi malamulo owalumikiza.

Mmisiri amadziwa kuti chimene chinachedwetsa luso limeneli si kuperewera kwa nzeru, koma kulemera kwa zida zoyambirira. Kalembedwe koyamba ka RDF, kotchedwa RDF/XML, kanali kovuta kuwerenga ngakhale kwa akatswiri, ndipo mwini tsamba ankapemphedwa kukhetsa thukuta lero kuti phindu lidzaoneke tsiku limene anthu ena onse adzachitenso chimodzimodzi. N'chifukwa chake funso loyamba limene mmisiri amadzifunsa ndi lakuti wogwiritsa ntchito chidacho apeza chiyani tsiku lomwelo. Yankho linaoneka mu 2011, pamene Google, Microsoft ndi Yahoo anakhazikitsa schema.org, mndandanda wa mawu ogwirizana olongosolera katundu, mabuku, zochitika ndi maphikidwe, pakuti wamalonda amene analemba mitengo yake motsatira mndandandawo ankatha kuiona ikutuluka m'zotsatira za kusaka, ndipo sanafunenso womunyengerera.

Chachiwiri, mmisiri amasema mpini molingana ndi dzanja la wolima, ndiye kuti amamanga chida chake pa zimene anthu anazolowera kale. JSON-LD, imene W3C inavomereza mu 2014, inalandiridwa chifukwa inatenga JSON, kalembedwe kamene opanga mapulogalamu ankagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, n'kungowonjezapo kachigawo kolozera tanthauzo la mawu, kotero kuti ambiri amalemba RDF osadziwa n'komwe kuti akutero. Nkhokwe ya mfundo yotchedwa Wikidata, imene inatsegulidwa mu 2012 ndi Wikimedia Deutschland, inapita patsogolo pobisa zovuta zonse kuseri kwa fomu wamba. Kumeneko dziko la Malawi lili ndi nambala Q1020 ndipo ubale wa likulu ndi P36, koma wolemba amangoona mayina m'chiyankhulo chimene wasankha, ndipo chinthu chimodzi chimatha kukhala ndi dzina m'Chichewa, m'Chijeremani ndi m'Chiswahili nambala yake osasintha.

Gawo lalikulu la nthawi ya mmisiri limathera pa ntchito yosaoneka yoyeretsa mfundo, chifukwa zimene mabungwe amasunga zimabwera m'mindandanda yodzala ndi mayina olembedwa mosiyanasiyana, madeti osokonekera ndi malo osadzazidwa. Pulogalamu ya OpenRefine imathandiza pogwirizanitsa mayina a m'ndandanda ndi zizindikiro zake za ku Wikidata, ndipo pamene pali kukayika imasiyira munthu kuti asankhe, pakuti chizindikiro cholakwika chimafalikira kulikonse kumene mfundoyo yalumikizidwa. Pomaliza mmisiri amakhala pambali pa woyang'anira laibulale kapena kalaliki wa mu ofesi, n'kumaonetsetsa mwakachetechete pamene dzanja likuzengereza, ndipo malo alionse otero amawaona ngati kulakwa kwa chida, osati kwa munthuyo. Amapewanso kuunjika m'chida chimodzi zonse zimene OWL ingathe, pokumbukira kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo batani limene munthu sakulimvetsa limamubweza pakhomo.

Muyeso wa ntchito imeneyi, tsono, si kuchuluka kwa malamulo amene chida chatsatira, koma kuchuluka kwa anthu amene akuchigwiritsa ntchito popanda kuphunzitsidwa mawu a akatswiri. Chida chabwino cha Semantic Web ndi chimene chimapeputsa ntchito ya munthu lero, uku chikusunga mfundo zake mwa njira yoti ena adzazipeze ndi kuzigwiritsa ntchito mawa.