Mafuta a m'thupi samangokhala paliponse

Akonzi,

Kwathu kuno mayi akatuluka chimimba atadutsa zaka 50 timati wayamba kudya bwino, ndipo mnyamata wopanda akatumba timamunena ulesi. Chakudya ndi ntchito zili ndi mbali yake, koma ine ndikuona kuti timaiwala mahomoni, timadzi ta m'thupi timene timalamula komwe mafuta akakhale ndi kukula kwa minofu.

Umboni womveka ndidaupeza powerenga za anthu otchedwa transgender, omwe adabadwa ndi ziwalo zachimuna koma amadzimva kuti ndi akazi, kapenanso adabadwa ndi ziwalo zachikazi koma amadzimva kuti ndi amuna. Ndikudziwa kuti ambiri nkhaniyi safuna n'kuimva komwe, koma zomwe madokotala aona pa anthuwa zikutiphunzitsa za thupi la tonsefe.

Ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, madokotala akhala akuthandiza anthu otere kuyambira zaka za m'ma 1970. M'chaka cha 2017 akatswiri a kumeneko adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana. Adapeza kuti wobadwa ndi ziwalo zachimuna akamalandira estrogen pamodzi ndi mankhwala ochepetsa testosterone, pakatha pafupifupi chaka mafuta amawonjezeka ndi makilogalamu ngati 3, pomwe minofu imatsika ndi makilogalamu oposa 2. Wobadwa ndi ziwalo zachikazi akamalandira testosterone, minofu imakwera ndi makilogalamu pafupifupi 4 ndipo mafuta amachepa.

Chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti sikelo imangosonyeza kusintha pang'ono, koma thupi limakhala litasintha maonekedwe. Estrogen imakankhira mafuta m'mahipi, m'matako ndi m'ntchafu, pomwe testosterone imawachepetsa m'malo amenewa. Mafupa a munthu wamkulu okha ndiwo sasintha msinkhu kapena kutambalala kwake.

N'chifukwa chake mayi akasiya kusamba, estrogen n'kuchepa, mafuta amayamba kuunjikana pamimba. Mafuta apamimbawa ndiwo amayendera limodzi ndi matenda a shuga ndi a mtima, choncho mayi wotere tisamuseke kapena kumuyamikira, koma timulimbikitse akayezetse shuga ndi BP.

Nkhawa yanga ili pa omwe amamwa mahomoni popanda dokotala, kaya ndi a transgender omwe amaopa kunyozedwa kuchipatala, atsikana ofuna mahipi, kapena anyamata onyamula zitsulo. Estrogen, makamaka ya mtundu wa ethinylestradiol yomwe ili m'mapiritsi ambiri olerera, imatha kuundanitsa magazi m'mitsempha, ndipo ngoziyi imakula kwa osuta fodya. Testosterone nayo imachulukitsa maselo ofiira, magazi n'kulimba. Ndiye chifukwa olandira mankhwalawa mwadongosolo amayezedwa magazi pafupipafupi.

Pempho langa kwa achipatala n'lakuti aliyense wobwera ndi funso la mahomoni mumulandire ngati wodwala wina aliyense. Akulu adati safunsa adadya phula, koma munthu amafunsa pomwe akudziwa kuti samuseka.

Wowerenga wanu,
Zomba