Tinatseka benchi sabata yathunthu, tinakagona m'tenti ku Nyika

Tsiku limene alamu anga ananena kuti banja lonse likazungulire m'mbali mwa nyanja mpaka kukafika ku Nyika, kumagona m'tenti ngati azungu, achemwali anga sanayankhe. Anangotenga kope lawo la ngongole n'kuyamba kuwerengera. Inu a m'misika mukudziwa chimene chinali m'mutu mwawo: ukatseka benchi sabata yathunthu, kasitomala wako amakazolowera kwa mnzako wapafupi, mwinanso osabwereranso.

Achemwaliwo amagulitsa kaunjika mu msika wa Tsoka ku Lilongwe. Alamu ali ndi kapikapu kotopa kamene amanyamulira mabelo a anthu. Ana awo atatu anali asanaionepo nyanja. "Usipa akudya tsiku ndi tsiku, koma akuyesa umamera m'munda," anatero alamu. Mawu amenewa ndiwo anawafewetsa mtima achemwali. Anavomera, koma anaika lamulo limodzi: ndalama zoodera belo lotsatira munthu asazikhudze.

Tinanyamuka mu July 2024. Katundu wathu anali matenti awiri a pa kaunjika pomwepo, mbaula, thumba la makala, ufa, mapoto, mkeka, ndi mtolo wa majekete olemera amene anakanika kuyenda malonda, aja aubweya m'khosi amene munthu wa ku Lilongwe amangowayesa n'kuwabweza. Achemwali anati tikatsamire, popeza mapilo akanatha malo.

Usiku woyamba tinagona ku Senga Bay, m'boma la Salima. Kamwana kakang'ono kataona madzi kanandigwira dzanja zolimba. "Amalume, tsidya lake lili kuti?" Ndisanayankhe, mwera unayamba. July ndi nyengo yake mphepo imeneyi, ndipo tenti imodzi inalibe zikhomo zokwanira. Pakati pa usiku tinadzidzimuka ili kumaso kwathu, alamu ali kunja ndi kabudula yekha kusakasaka miyala yopsinjira. Mlonda wa pamalopo anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka n'kutiphunzitsa kuti pamchenga chikhomo sichigwira. Umamanga chingwe kukamtengo n'kukakwirira pansi.

Kutacha, ana ali m'madzi, achemwali anali kale pa mathandala kufunsa mtengo wa usipa. Anabwerako ali duu. Kusiyana kwa mtengo wa pamenepo ndi wa m'tauni kunawasokoneza mutu, koma ndalama za belo sanazikhudze.

Kuchoka ku Salima tinatsata msewu wa M5, umene umayenda m'mbali mwa nyanja kuloza kumpoto. Maenje alipo, ndiye oyendetsa asamathamange. Ku Nkhotakota tinaima pansi pa mkuyu waukulu pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863 kumudandaulira kuti aleke malonda a akapolo. Jumbe sanaleke. Tauni imeneyi inali msika ndithu, koma katundu wake anali anthu, owolotsedwa nyanja pa zombo kupita nawo ku Kilwa. Achemwali, amene pakamwa pawo sipauma ndi nkhani za malonda, apa sanayankhule kanthu. Ndi ku Nkhotakota komwekunso kumene chipani cha MCP chinapanga Dr Kamuzu Banda kukhala mtsogoleri wake wamuyaya mu 1960. Umuyayawo tonse tikudziwa mmene unathera.

Tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, n'kugona ku Chintheche, kumene mchenga wake ndi woyera ngati ufa. Kutsogolo kwake kuli munda wa mitengo ya labala wa Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu. Tinagula umodzi, ndipo ulipobe. Ku Nkhata Bay, kumene sitima ya Ilala imaima, tinadya kondowole, nsima ya chinangwa ya Atonga. Ana anaiyang'ana kaye mokayika, kenaka anamaliza mbale. Alamu anawalozera kudoko n'kuwauza kuti holide ya pa 3 March ija, imene iwo amangoidziwa ngati tsiku losapita kusukulu, inachokera kuno, pamene asilikali a boma la atsamunda anawombera anthu mu 1959.

Kuchokera apo msewu unayamba kukwera. Ku Mzuzu tinangoima kugula buledi ndi tomato, ngakhale achemwali anatsala pang'ono kusowera mu msika wa Taifa kuonera zitenje za ku Tanzania. Ku Rumphi ndi kumene munthu ayenera kudzaza mafuta, n'kutengeranso ena m'chigubu, chifukwa kuchoka pamenepo mpaka ku Chelinda, pakati pa Nyika, ndi makilomita oposa 100 a msewu woipa, ndipo kulibe pogulira. Pa geti ya Thazima tinalipira. Apa mvetsetsani abale: Mmalawi salipira ngati mlendo wakunja, mtengo wathu ndi wotsika. Tengani chitupa chanu basi.

Kapikapu kathu kanawira kawiri pa zitunda. Kachiwiri alamu anatsika, n'kukayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, achemwali manja ali m'chiuno. "Bambo a ana, galimoto ikafera kuno, tidya mbidzi?" Tinadikira kuti injini izizire, tinathira madzi akumwa a ana, n'kupitirira pang'onopang'ono.

Koma titatulukira pamwamba, mkangano unatha wokha. Abale, dziko lathu lomweli! Kulibe mitengo, kulibe midzi, ndi timapiri ta udzu tokhatokha kugundana mpaka kumene maso alekera. Mbidzi zinali kudya pafupi ndi msewu osatithawa. Tinaonanso achilembwe ndi ntchefu zazikulu kuposa ng'ombe. Nyika ndi paki yoyamba m'Malawi muno, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo mu 1978 anaikulitsa. Pamenepo anthu amene ankakhala m'malo owonjezerawo anasamutsidwa, nkhani imene a ku Rumphi sanaiiwale. Phiri lalitali koposa kumeneko ndi Nganda, mamita oposa 2,600.

Kutalika kumeneko tinakumva dzuwa litalowa. Ine ndinakulira ku Lilongwe, ndimayesa chisanu ndimachidziwa. Bodza. Mabulangete athu anali ngati nyuzi. Mwana wamng'ono anayamba kulira, milomo ikunjenjemera, ndipo achemwali anachita mantha enieni, chifukwa chipatala chili kutali ndipo usiku simungayende m'paki. Ndi pamene anakumbukira mapilo athu aja. Anamasula mtolo, aliyense n'kuvala majekete awiriawiri, mwanayo atatu, n'kumuika pakati. Mbaula tinaisiya kunja, chifukwa utsi wa makala m'tenti yotseka umapha anthu ali mtulo. Afisi analira chakutali. Palibe anagona bwino, koma mwana anafunda.

M'mawa udzu unali mbuu, madzi a m'ndowa ataundana pamwamba. Dalaivala wina amene anabwera ndi alendo akunja, atavala kajuzi kopyapyala, anatiyandikira akupukusa manja. "Mayi, majekete amenewa munagula kuti?" Achemwali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga achitira pa benchi. Pofika 9 koloko anali atagulitsa anayi, popanda wonenerera.

Pobwerera alamu ankafuna kudulira msewu wa M1, kudzera ku Jenda ndi Kasungu. Achemwali anakana. Tinatsikiranso kunyanja, ndipo ndalama za majekete zinagula mpunga ku Nkhotakota ndi usipa ku Salima, ana atakhala pamwamba pa matumba.

Lolemba lake anatsegula benchi. Makasitomala awiri anali atasamukiradi kwa mnzawo wapafupi. Madzulo anawerengera zonse m'kope muja, mafuta, malo ogona, geti, kuchotsera phindu la mpunga ndi usipa, ndipo anapeza kuti ulendowo wawadyerabe ndalama. Za belo zinali zonse. Ataoda belolo munatuluka majekete ena asanu ndi limodzi aubweya m'khosi. Sanawapachike pa benchi, anawapinda n'kuwaika pansi pa bedi.