Chidebe chimene ndinkatsukira m'nyanja

Achimwene ndi achemwali amene mwangoyamba kumene ntchito yokonza m'zimbudzi, ndiloleni ndiulule zanga musanagwire tsache.

Kwathu ndi pa chilumba cha Chisi, m'dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala ndi Phalombe amangothira, ndipo chimene chagwera m'menemo chimakhala momwemo. Inenso ndinkadziwa zimenezi. Komabe pamene ndinapeza ganyu yosamalira zimbudzi za asodzi ndi ogula matemba pafupi ndi dooko, madzulo aliwonse ndinkatsikira kugombe ndi chidebe ndi chikolopa, n'kutsukira pomwe amayi anzanga amatunga madzi. Chidebe chomwecho ndinkabwerera nacho kunyumba chili ndi madzi otsukira mbale. Ndinkati bola chawala.

Kumapeto kwa 2015 kolera inabuka pa nyanjayi, makamaka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi. Zimbudzi zanga zinayamba kudzaza ndi masanzi ndi chimbudzi chamadzi, chotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Ndinkakolopa ndi manja opanda magolovesi, nsapato zanga zili patapata, kenako n'kukaphika nsima. Mwana wanga wamng'ono anadwala usiku. Pofika m'mawa maso anali atalowa m'kati, khungu ukalitsina losabwerera msanga. Anachira chifukwa cha diripi ndi Thanzi ORS, koma mpaka lero mtima wanga umanditsutsa. Palibe anandiloza chala. Ndinadziloza ndekha pamene mlangizi wa zaumoyo anandifunsa modekha kuti, "Amayi, zipangizo zanu mumatsukira kuti?" Ndinasowa choyankha.

Iyeyo ndiye anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa kuti klorini ali ndi muyezo. Ufa wa klorini wa HTH, masupuni aakulu awiri osasefukira m'lita imodzi ya madzi, ndi wa 2 peresenti: umenewo ndi wothira pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala, n'kudikira kaye mphindi zosachepera 10 musanachotse. Masupuni awiri omwewo m'malita 10 ndi wa 0.2 peresenti, wokolopera pansi, makoma, chitseko ndi chivindikiro cha pabowo. Theka la supuni m'malita 10 ndi wa 0.05 peresenti, wosambira m'manja. Sungunulirani m'chidebe cha pulasitiki, chifukwa klorini amadya chitsulo, ndipo muvindikire, musasiye padzuwa. Wokolopera ndi wosambira m'manja uja mukonze watsopano tsiku lililonse.

Chinanso chimene ambiri timalakwitsa n'chakuti klorini sagwira bwino ntchito pa dothi. Yambani ndi madzi a sopo ndi burashi, mutsukuluze, klorini abwere pomaliza. Muyambire koyera kumka kwakuda: chogwirira cha chitseko, makoma, pansi, bowo pamapeto. Kansalu kopukutira chitseko kasafike pabowo. Madzi akuda akumbireni dzenje lawolawo kutali ndi gombe ndi mjigo.

Apa pokha ndikupemphani mumvetsetse, chifukwa mantha a kolera atandigwira ndinalakwanso mbali ina. Ndinaganiza kuti mankhwala akachuluka ukhondo uchulukanso, ndiye ndinathira Jik, yemwe ali ndi klorini, pamodzi ndi mankhwala ena a asidi otsukira zimbudzi, chitseko chili chotseka. Mpweya umene unatuluka unandifinya pachifuwa, misozi ili chuchuchu, ndipo ndinachita kukwawa potuluka. Klorini musamusakanize ndi china chilichonse kupatula madzi. Ngakhale mkodzo wodikha pansi muyambe mwautsuka ndi madzi, popeza nawonso ukakumana ndi klorini umatulutsa mpweya wopweteka. Chitseko chikhale chotsegula nthawi yonse mukugwira ntchito.

Mu 2016 katemera wakumwa wa kolera anafika kuno, ndipo tinamwa. Matendawa anabweranso mu 2022, kuyambira kwa anansi athu ku Machinga, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nthawi imeneyo chidebe changa cha kuntchito chinali ndi chizindikiro chofiira ndipo sichinkalowa pakhomo panga. Magambutsi ndi epuloni ndinkavulira kuntchito komweko. Pakhomo pa chimbudzi chilichonse panali mpondagiya ndi sopo, sopo akatha phulusa.

Anthu ena adzakunyozani kuti mumagwira ntchito yonyansa. Zimawawa, sindikubisirani. Koma manyazi amenewo asakuchititseni kukhala chete pamaso pa abwana. Pemphani magolovesi aatali, magambutsi ndi chovala kukamwa musanayambe, ndipo magolovesi akabooka nenani tsiku lomwelo. Inuyo kapena mwana wanu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzi, sungunulani Thanzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, muzimwa muli m'njira yopita kuchipatala, ngakhale ndi usiku. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa, ndipo boti lopita ku dooko la Kachulu silinyamuka nthawi imene inu mukufuna.