Pa mavoti a pagulu, yang'anani amene akufunsa

Anzanga a ma oda, ife timasonkherana thiraki imodzi kuchokera ku Joni, ndipo tikasemphana timati tivote. Ineyo ndikamva mawu amenewa ndimayamba ndayang'ana amene akuyendetsa voti, chifukwa pali masamu ena amene ambiri sitiwadziwa.

Tiyerekeze kuti tilipo 9, ndipo tikusankha boda yolowetsera katundu. Atatu a ku Blantyre akufuna Mwanza, ikakanika Dedza, Mchinji pomaliza. Atatu a ku Lilongwe akufuna Dedza, kenako Mchinji, Mwanza pomaliza. Atatu otsalawo atopa ndi mzere wa pa Beitbridge, akufuna kudzera pa Kazungula n'kulowera pa Mchinji, koma ikakanika bola Mwanza poti ali ndi ejenti wawo, Dedza pomaliza.

Werengani nokha. Mwanza ndi Dedza, Mwanza ipambana 6 kwa 3. Dedza ndi Mchinji, Dedza ipambana 6 kwa 3. Ndiye mungaganize kuti Mwanza ndiye dolo. Ayi ndithu: Mchinji ndi Mwanza, Mchinji ipambana 6 kwa 3. Palibe wanama, aliyense wavota za kumtima kwake, koma gulu langozungulira ngati galu wofuna mchira wake.

Zimenezi anazilemba katswiri wa masamu wa ku France, Condorcet, mu 1785. Mu 1951 Kenneth Arrow wa ku America anaonetsa kuti zosankha zikakhala zitatu kapena kuposa, palibe njira yondandalika mavoti yomwe ingakwaniritse mfundo zonse za chilungamo zimene iye anaika.

Apa ndi pamene pagona ndalama zathu. Tcheyamani akati tiyambe ndi Mwanza ndi Dedza, yopambanayo ikumane ndi Mchinji, thiraki ipita ku Mchinji. Akayamba ndi Dedza ndi Mchinji, ipita ku Mwanza. Yasungidwa komalizayo ndiyo imapambana, ndipo wochenjera amasungira yake. Inu wa ku Limbe mudzalipira wina transipoti kuchokera ku Lilongwe, mukudziuza kuti ambiri ndi amene afuna.

Pagulu lathu ndimapempha kuti tigwirizane kavotedwe tisanatchule boda iliyonse, ndipo zonse ziikidwe pa poll imodzi ya WhatsApp, aliyense achonge zonse zimene angapirire nazo, osati imodzi yokha. Nayonso ili ndi pothawira, wina akhoza kuchonga yake yokha dala. Koma ngati mavoti afanana, amene katundu wake atsikire kutali timamuchotserako pa mtengo wa thiraki, ndipo chiwerengerocho timalemba pagulu dalaivala asanalize injini.