Mlandu wa Minyanga Uzengedwa Kutali, Njovu Zidya Kuno

Ife a ku Malambo sitinapondeko ku Lausanne, ku Doha kapena ku Geneva, koma zogamulidwa m'mizinda imeneyo zimafika mpaka pankhokwe zathu. Kumeneko kunakumana maiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama zakutchire ndi ziwalo zake.

M'chaka cha 1989, ku Lausanne, maikowo anatseka malonda a minyanga ya njovu. Ine sindidandaula nacho chigamulo chimenecho. Amene tinalipo zaka zimenezo tikumbukira mitembo ya njovu ikuwola m'mphepete mwa Luangwa, yopanda minyanga, miimba ili tholo. Zipembere ndiye zinatheratu, kotero kuti mu 1998 boma linalengeza kuti m'Zambia simunatsale chipembere chakuda n'chimodzi chomwe. Ana athu a kwa Kakumbi ndi kwa Nsefu amachidziwira pa chithunzi.

Mu 1992 dziko lathu linatentha minyanga imene linasunga. Pambuyo pake mtima unatembenuka. Mu 2002, mu 2010 ndiponso mu 2019 nthumwi zathu zinapempha kuti lamulo loteteza njovu za m'Zambia lifewetsedwe, ndipo katatu konse anazikanira. Mu 2022, ku Panama, maiko ena a kumadzulo kwa Africa, kumene mvuu zatsala pang'ono, anapempha kuti malonda a mano a mvuu atsekedwe ponseponse. Nalonso pempholi linagwa. Wina wa kwa Mnkhanya akanangoseka, pakuti kuno mvuu zimadzaza mtsinje ngati miyala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mbali zonse ziwiri zimalankhula m'dzina la mlimi, koma mlimiyo samufunsa. Ofuna kugulitsa amati ndalama zidzathandiza anthu okhala ndi nyama. Okaniza amati msika ukatseguka mfuti zidzaliranso, ndipo pamenepa ndiwavomereza. Koma mayi amene wagona pamsanja miyezi itatu, kuwomba zitini ndi kufukiza tsabola, njovu n'kumudyera chimanga chonse usiku umodzi, salandira chipukuta misozi. Panganolo limawerenga minyanga ndi zikopa; matumba a chimanga mulibemo.

Njira ina tinaionapo ndi maso athu. M'dera la Lupande, pansi pa ntchito ya LIRDP imene inkathandizidwa ndi dziko la Norway, kuyambira mu 1996 gawo lalikulu la ndalama za alenje olipira linkabwera m'midzi. Anthu ankakhala pansi pa mtengo n'kupangana okha: izi tigawane, izi zikumbe chitsime, izi zimange nyumba ya mphunzitsi. Mikangano inalipo, makamaka pa gawo la mafumu, komabe munthu ankaona kuti nyama ili ndi phindu kwa iye. Dongosololo silinakhalitse.

Tsono akadzapitanso akuluakulu kukapempha kusintha panganolo, ndikanakonda atayamba adzera ku Mfuwe m'mwezi wa Marichi, chimanga chitakhwima, n'kugona usiku umodzi pamsanja.